Mgolo Woviikira Chinangwa

Kwathu kuno, kufupi ndi Iponga, ukafuna ufa wa chinangwa sungokumba n'kusinja ayi. Umasenda kaye, n'kuviika m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe ndi kutaya kuwawa kwake, kenako umafinya, kuyanika, ndiye n'kusinja. Ufa umenewo ndi umene timati kondowole. Ntchito yonseyi ine sindinaionepo kuvuta, kupatula chinthu chimodzi: poviikira.

Nditangokwatiwa ndinkaviika m'chithaphwi cha m'mbali mwa mtsinje, monga ankachitira apongozi anga. Umaika chinangwa m'thumba, kumanga kukamwa, kutsindira ndi miyala. Ukabwerako tsiku lachitatu, mwina upeza mwina supeza. Nthawi ina nkhumba za eni zinang'amba thumba n'kudya mpaka kukhuta. Nthawi ina mvula inagwa kumapiri ife kuno dzuwa lili phwii, madzi anangotulukira n'kukokolola matumba awiri, chinangwa chimene ndinasenda mpaka zala kuchita matuza. Ndinaima pamatope paja mwana ali kumbuyo, n'kumayang'ana pamene panali miyala yanga. Sindinalire. Ndinangoti mumtima, Mulungu akanandipatsa mgolo.

Mwana amene anali kumbuyoyo ndi wamkazi, woyamba wanga, ndipo mpaka lero ndi mmodzi yemweyo. Nthawi imeneyo anali atangoyamba kumene phala.

Bambo ake amanyamula katundu wa anthu pa njinga ku Songwe, kuchokera pa boda kukafika pamene pamaima mabasi. Tsiku lina masana ndikupeta mpunga pakhonde, ndinaona mgolo wa buluu ukubwera m'kanjira kathu, pansi pake matayala a njinga, munthu osaoneka. Utafika pabwalo m'pamene mutu wawo unasuzumira kumbuyo kwake.

"Mayi a mwana, tulukani mudzalandire mkazi mnzanu," anatero, thukuta lili kamukamu.

"Ameneyu ndiye ndimulandira ndi manja awiri," ndinayankha. "Sadya ndiwo ameneyu."

Anati anathandiza dalaivala wina kutsitsa zitsulo zakale pa lole imene inawonongeka, ndiye dalaivalayo anawauza kuti atenge mgolowo, unkangomudyera malo. Unali wa pulasitiki yokhuthala, wondifika pachifuwa, ndi chivindikiro chake chomwe. Ndinauzungulira kawiri ndikuusisita. Sindikunama, tsiku limenelo ndinasangalala kuposa tsiku limene anandigulira chitenje choyamba.

Titavundukula tinapeza pansi pali mafuta otsalira, ofika pa mfundo yoyamba ya chala. Anali oyera ngati ophikira, koma opyapyala, ndipo fungo lake silinali la dizilo kapena la oyilo wa galimoto. Linali fungo lokhala kumbuyo kwa mphuno, losachoka msanga. Bambo a mwana anaviikamo chala, kutikita, n'kunena kuti ndi mafuta a makina, abwino kwambiri. Anathira ena m'botolo kuti azidzoza tcheni cha njinga. Ena anapaka mizati ya khola la nkhuku, akuti chiswe ndi utitiri zithawe. Zinathawadi. Otsalawo ndinakhuthulira ine ndi manja angawa patsinde pa nthochi za kuseri kwa khola, pamene nkhuku zimakonda kufukula ndi kusamba fumbi.

Pali chinthu chimene ndakhala ndikuchilambalala ndikamafotokozera anthu nkhaniyi, ndipo pano ndichinena. Pamimba pa mgolowo panali pepala lomata. Linali ndi mawu a Chingerezi ang'onoang'ono, ndipo ine sukulu ndinalekera sitandade seveni, sindikanatha kuwawerenga onse. Koma panalinso kachithunzi mkati mwa mzere wofiira: mtengo wopanda masamba, ndi nsomba itagona chagada. Chithunzi sichifuna sitandade. Ine ndakulira m'dziko la nsomba, ndimadziwa kuti nsomba yamoyo sigona choncho. Ndinachiyang'ana kanthawi ndithu. Kenako ndinatenga mpeni wosendera chinangwa n'kupala pepala lonse mpaka panatsala malo oyererako okha.

Bambo a mwana atafunsa, ndinati ndikuopa anthu angamanene kuti mgolo ndi wakuba ku kampani. Iwo anavomera kuti ndaganiza bwino. Koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho. Sindinkafuna kuti nsomba ija izindiyang'ana tsiku lililonse, chifukwa mgolo ndinali nditaufuna kale.

Ndipo ndinkadzidalira pa kutsuka. Kuyambira ndili mtsikana anthu ankandidziwa ndi zimenezo. Poto wakuda bii ndimakhala naye pansi ndi mchenga mpaka udzionemo nkhope. Sindithamanga ine. Ndinkakhulupirira kuti padziko pano palibe litsiro limene lingakane munthu wodekha amene ali ndi madzi ndi nthawi. Ndiye ndinayamba. Koyamba sopo wa ufa ndi madzi otentha. Kachiwiri phulusa. Kachitatu ndinagoneka mgolo pansi n'kukwawiramo mpaka m'chiuno, ndikukwecha ndi mchenga ndi chiguduli, mwana ali pa mphasa akuseka miyendo ya amayi ake. Kachinayi masamba a mandimu. Ndinauyanika padzuwa masiku atatu, n'kutsukanso kachisanu. Madzi onse otsukira ndinkataya pa nthochi pomwe paja.

Nditaudzaza madzi oyera, dzuwa litawomba, pamwamba panaoneka timizere ta mitundumitundu ngati utawaleza, topyapyala kwambiri moti ukapendeka mutu timasowa. Ndinatenga mbale n'kuyengula. Timizereto tinabweranso pang'ono. Ndinayengulanso. Kenako ndinati basi, zotsalazo zitha zokha, n'kuthiramo chinangwa.

Aliyense amene anadutsapo pafupi ndi chinangwa choviika akudziwa fungo lake. Limaposa chilichonse. Pofika tsiku lachitatu, ngakhale ukanalowetsa mutu wonse mumgolo muja, sukanamva china koma chinangwa chokha. Mtima wanga unakhala pansi. Ufa unatuluka woyera mbee, wopanda mchenga wa kumtsinje, ndipo apongozi ataulawa anati, "Koma mwana uyu ali ndi mwayi, wakwatiwa ndi njinga n'kupeza mgolo."

Mbiri inamveka msanga. Woyamba kubwera anali mlamu wanga, mchemwali wa bambo a mwana, amene nyumba yake yayandikana ndi yathu. Kenako amayi ena atatu a kutchalitchi. Tinkasinthana: ine ndikavuula Lachitatu, mlamu amaviika Lachinayi. Ine amene ndinabwera pamudzi pano ndi kachikwama kamodzi, tsopano anthu ankaima pabwalo panga n'kumati odi. Wina pobweza ulemu amabweretsa usipa, wina chambiko m'kabotolo. Zinkandikoma, sindibisa.

Chaka chomwecho mwana anayamba kundidetsa nkhawa. Kusikelo mzere wa pa khadi lake unaleka kukwera. Mwezi woyamba namwino anati tione, mwezi wachiwiri anandikhazika pambali. Anandifunsa ngati ndili ndi nkhuku. Nditati zilipo, anati, "Ndiye mankhwala muli nawo pakhomo. Dzira limodzi m'phala tsiku lililonse. Musagulitse, musapatse alendo."

Ine ukandiuza chochita ndimachita. Nkhuku zinalipo zisanu ndi ziwiri, zoikira zinayi. M'mawa uliwonse ndinkapita kukhola, kutola dzira likadali lofunda, kuliswera m'phala la mwana. Tsiku lina ndinapeza bambo ake atagwira awiri, akuyang'ana chiwaya.

"Bwezani," ndinatero.

"Aa, nkhuku ndinagula ndine, khola ndinamanga ndine."

"Kuikira munaikiranso ndinu? Bwezani. Inu mzere wanu unakwera kale, onani mimbayo."

Anaseka n'kubweza. Kuyambira pamenepo ankati akamva nkhuku ikutetera amafuula, "Abwana aang'ono, chakudya chanu chafika!" Mwanayo ankawomba m'manja.

Ndipo mzere unakweradi. Masaya anadzaza, anayamba kuyenda akugwira khoma, kenako kuthamangitsa nkhuku zomwezo. Tsiku lina namwino anakweza khadi lake m'mwamba pamaso pa amayi onse n'kunena kuti, "Onani mayi awa, amamva." Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndavala nsapato zatsopano. Mazira aja anali ndi chikasu chowala bwino. Ndinamudyetsa miyezi yambiri, osadumpha tsiku, kupatula pamene nkhuku zinkafungatira.

Mvula yachiwiri itayamba, a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kugawa mankhwala othira m'madzi akumwa ndi kuona zimbudzi. Kwathu kunabwera mayi wina wa ku Ntcheu, wamkulu thupi, wansangala, amene tinkamudziwa kale kusikelo. Chinkhonde chake chinali chothyokathyoka moti akati atipatse moni ife tinkagwira pakamwa, iye n'kumati, "Sekani, koma ndikaphunzira mudzasowa pondinenera." Tikatero tinkatembenukira ku Chichewa.

Tsiku limenelo mgolo unali wopanda kanthu. Ndinali nditavuula dzulo lake, n'kuutsuka, n'kuugoneka padzuwa podikira mlamu. Mayi uja ataona anati, "Eee, achemwali, mgolo wabwino chonchi? Mumasungiramo madzi akumwa?"

"Ayi, ndi woviikira chinangwa. Akumwa timasungiramo nthawi ya chilimwe yokha, mjigo ukavuta."

Anawerama n'kulowetsa mutu. Anakhalamo nthawi yaitali kuposa mmene munthu amachitira poona ngati chinthu n'choyera. Atatuluka sankasekanso. Anatola chivindikiro, kuyendetsa chala mumpata wa m'mphepete mwake, kununkhiza. Kenako anagubuduza mgolo pang'ono mpaka anafika pamalo oyererako paja.

"Apa panali chiyani?"

"Kapepala."

"Kolembedwa chiyani?"

"Chingerezi. Sindinawerenge."

Anatola kamtengo n'kujambula pansi. Mzere uku, mzere uku, mtengo wopanda masamba. Asanamalize nsomba ndinati, "Inde. Chimenecho."

Anakhala pa mpando wa pakhonde osadikira kuti ndimupatse. Anandifunsa za mafuta, mtundu wake, kumene anapita. Ndinamulozera mizati ya khola, imene inali ikadali yakuda mpaka pamenepo. Ndinamulozera nthochi, pamene nkhuku zitatu zinali zitagona m'maenje a fumbi. Anandiuza kuti fungo limenelo analidziwira ku maphunziro ena a ntchito, kumene anawachenjeza za anthu okazinga tchipisi ndi mafuta a m'mathiransifoma, mabokosi a magetsi aja okhala pamwamba pa mapolo. Anati mafuta ena akale a mtundu umenewo amakhala ndi mankhwala amene sawola.

"Sawola bwanji?" ndinafunsa. "Ine ndinatsuka kasanu."

"Ngakhale kakhumi, achemwali."

"Ndi phulusa, ndi mchenga. Ndinalowamo ndekha."

"Ndikuona kuti munatsuka. Mgolo woyera chonchi sindinauone mudzi uno. Koma zimenezi si litsiro. Zimalowerera m'pulasitiki momwemo, n'kumatuluka pang'onopang'ono. Zikagwera m'dothi zimakhala momwemo zaka ndi zaka, mvula sizichotsa. Nkhuku ikamajompha pamenepo zimalowa m'thupi mwake, ndipo zimakonda pamene pali mafuta." Anaima kaye, n'kundiyang'ana. Iyeyo analipo tsiku limene khadi linakwezedwa m'mwamba. "Monga m'chikasu cha dzira."

Sindikumbuka kuti ndinayankha chiyani. Ndikukumbuka kuti ndinkayang'ana chidebe cha madzi chimene chinali pafupi ndi phazi langa, ndi kansalu kotsukira kali pamwamba pake.

"Sindikunena kuti ndi amenewo ndithu," anapitiriza. "Ena atsopano alibe zimenezo. Koma ndi maso sungasiyanitse, ndipo kuno tilibe poyezera. Ndiye tiyenera kuchita ngati ndi amenewo."

"Nanga mankhwala otsuka m'mimba mwa mwana? Kaya ndi jakisoni, kaya ndi akumwa. Ine ndimupatsa osadumpha."

Anapukusa mutu. "Kulibe otero. Chimene chinalowa chimachepa chokha, mochedwa kwambiri. Chimene tingathe ndi kuletsa kuti china chisalowenso."

Nthawi yomweyo mwana anadzuka m'nyumba, natuluka akutikita maso. Anali akuyamwabe. Anabwera molunjika, kukwera pamiyendo panga, kulowetsa dzanja m'bulauzi monga mwa masiku onse. Ndipo ine, amene ndinali ndisanamukanizepo bere chibadwire chake, ndinamugwira dzanja n'kumutsitsa pansi. Ndinali nditamva bwino mawu aja akuti pamene pali mafuta. Kondowole wa mumgolo ndinkadya ndine, nkhuku ikaphedwa chikopa chonona ndinkadya ndine. Mwanayo anandiyang'ana modabwa, kenako analira kulira kwa munthu amene sakudziwa chimene walakwa.

"Mukutani?" anatero mayi uja.

"Mwa inenso zilimo."

"Mwina zilimo. Muyamwitseni."

"Ndimuwonjezere?"

"Achemwali, tamverani. Mvula ino matenda otsegula m'mimba ali paliponse. Mukamuchotsa kubere lero, chimene chingamutenge mwezi uno ndi chimenecho, osati cha mumgolo. Mkaka wanu ukumuteteza kuposa mmene ungamupwetekere. Munyamuleni."

Ndinamunyamula. Anayamwa akusisima, kadzanja kake katagwira khutu langa. Ine ndinkangoyang'ana kumbali. Palibe tsiku lina limene ndinayamwitsa mwana ndi mtima wolemera ngati limenelo, ndipo ndinapitiriza miyezi ina isanu, tsiku lililonse ndikudzikakamiza kukhulupirira mawu a mayi uja.

Asanachoke anandisiyira malamulo. Mgolo usagwirenso chakudya kapena madzi. Usawotchedwe, chifukwa utsi wake ndi woipa kuposa mgolowo. Usatayidwe kumtsinje. Mazira ndi nkhuku zimenezo zisadyedwe. Pa nthochi paja patchingidwe. Anati akanena kwa akuluakulu ake kuti mwina kudzabwere anthu odziwa kutaya zinthu zotere.

M'mawa mwake ndinapita ndi mwana kuchipatala. Adokotala anamuyeza maso, pakamwa, pamimba, anaona timatuza timene ankakhala nato kuseri kwa mawondo. Anati timeneto tingabwere ndi zinthu zambiri, thukuta, sopo, udzu. Anati mwana akuoneka bwino, ndizibwera naye kusikelo osalekeza. Ndinafunsa ngati kuoneka bwino lero ndiye kuti basi zatha. Anati zimenezo sangandilonjeze. Ndinawathokoza chifukwa sanandinamize.

Bambo a mwana nditawauza sanakalipe. Anangopita kukatenga botolo lija pa windo, n'kumalitembenuza m'manja. Kenako anati, "Ndinabweretsa ndine." Ndinayankha kuti sankadziwa. Imeneyo inali nthawi yoti ndinene za nsomba ija, kuti ine ndinaona ndipo ndinamva. Sindinanene. Ndinawasiya asenze okha kwa masiku angapo, ndipo chimenechonso ndimachimva chisoni.

Nkhuku tinapha zonse zisanu ndi ziwiri. Bambo ake anakumba dzenje lakuya kumalire a munda, kutali ndi chitsime, tinaponyamo pamodzi ndi mazira amene analipo. Apongozi anaima pamenepo atagwira m'chiuno.

"Nkhuku zonona chonchi, kuika m'manda ngati anthu? Ndipatseni imodzi yokha, ine ndakalamba kale, chindiphe n'chiyani?"

"Amama, mukaphika adzukulu anu abwera kudzapempha msuzi," anatero mwana wawo. Apongozi anangochoka akung'ung'udza m'Chinkhonde.

Chovuta kwambiri chinali kuuza amayi anzanga. Ndinawaitana onse anayi pakhonde n'kufotokoza monga ndinamvera. Awiri anachita mantha, mmodzi anafunsa mafunso amene sindikanatha kuyankha. Koma mlamu anaseka.

"Mlamu, mvula ziwiri takhala tikudya, wafa ndani? Taonani ine, ndachita kunenepa."

"Akuti sizipha lero. Zimakhala m'thupi."

"Akuti, akuti. Anthu a boma amenewa chilichonse n'choopsa. Mawa adzati mpunga wa Kilombero ukudwalitsa. Iyeyo kwawo ku Ntcheu amadziwa kuviika chinangwa? Anayamba wakokoloredwapo thumba?"

"Ine sindiugwiritsanso ntchito."

"Ndiye bwino, ndipatseni ine. Inu bwererani kwa nkhumba zanu kumtsinje."

Ndinati ayi. Iye anati ndayamba kudzimva chifukwa cha mgolo, tsopano ndikufuna ndiwamane mwaulemu. Anachoka akukutumula chitenje. Mlamu wangayo si munthu woipa. Ali ndi ana anayi, ndipo nthawi imeneyo anali ndi pakati pa wachisanu. Kumtsinje n'kutali, ndipo thumba la chinangwa chonyowa ndi lolemera. Ndinkamumvetsa bwino lomwe, chifukwa zimene ankanena ndi zomwe ndinadziuza ine tsiku la mpeni lija.

Patapita masiku awiri, ndikuchokera kumjigo, ndinaona mgolo kulibe kuseri kwa nyumba kumene tinauimika. Panali mkukuluzi m'matope wolowera kwa mlamu. Ndinatula ndowa, kutsitsa mwana kwa apongozi, n'kutenga nkhwangwa ya nkhuni. Ndinaupeza pabwalo pake, iye akuthiramo ndowa yoyamba, chinangwa chosenda chili m'lichero pambali.

"Mlamu, mwabwera ndi nkhwangwa kwa ine?"

"Osati kwa inu."

"Ndangobwereka. Kamodzi kokha, ndikavuula ndibweza."

Ndinakankha mgolo kuti ugwe, madzi anakhuthuka, ndipo ndinatema pansi pake. Pulasitiki ija inali yolimba, nkhwangwa inkadumpha. Ndinatema kachiwiri, kachitatu, mpaka inalowa. Ndinatemanso m'mbali malo awiri. Mlamu ankakuwa kuti ndapenga, anthu anatuluka m'nyumba zawo. Nditamaliza ndinaponya nkhwangwa pansi. Ndinayang'ana mabala aja pa chinthu chimene ndinachipempha kwa Mulungu, chimene ndinachikwecha ndi mchenga mpaka zigongono kusupuka, ndipo m'pamene ndinalira, koyamba chiyambire nkhani yonseyi.

Ndinaugubuduza ndekha kubwerera nawo kwathu. Mlamu sanandilankhule mpaka atachira. Tsiku limene ndinapita kukaona khanda ndinamutengera kondowole wa chinangwa choviika mumtsuko, analandira n'kunena kuti, "Ameneyu mwatsuka kangati?" Tinaseka tonse, koma pang'ono.

Madzulo a tsiku la nkhwangwa lija, dzuwa lisanalowe, ndinawauza bambo a mwana za chithunzi. Ndinati ndinachiona, ndinadziwa kuti chikunena zoipa, ndipo ndinachipala dala. Anapitiriza kupukuta sipoko za njinga. Kenako anati, "Inenso ndinachiona pomangirira pa keliyala." Sitinakambiranenso.

Tsopano papita zaka zitatu. Anthu odzatenga mgolo aja sanabwere. Mayi wa zaumoyo anafunsa kangapo, kenako anamusamutsira ku Chilumba. Mgolo uli kuseri kwa nyumba, pamwamba pa miyala, tinaufunditsa lata lakale n'kuzunguliza minga, pamodzi ndi botolo lija ndi mizati ya khola imene tinazula. Pa nthochi paja tinatchinga ndi bango. Nthochizo zimabereka mikoko ikuluikulu, yokongola kuposa zonse za pamudzi pano. Kaya zili ndi kanthu kaya zilibe, palibe amene anatiuza, ndiye timangozisiya. Chinangwa ndimaviika m'mitsuko iwiri ya dothi, pang'onopang'ono, kawiri pa sabata. Nkhuku tinayambanso, koma khola lili mbali ina, ndipo ndi zotsekera.

Mwana ali bwino, ndiyenera kunena zimenezo. Amathamanga, amakangana ndi anzake, amadziwa kuwerenga mpaka makumi awiri. Timatuza tija timabwera n'kupita. Koma akadwala chifuwa kawiri motsatizana, ine maganizo amathamangira kuseri kwa nyumba. Akaiwala chimene ndamutuma, ana onse amaiwala, koma ine ndimamuyang'anitsitsa mpaka amafunsa kuti, "Amama, ndalakwa chiyani?" Mwina mafuta aja anali atsopano, opanda kanthu. Mwina ndinakwirira nkhuku zabwinobwino n'kudana ndi mlamu pachabe. Ndikanakonda zitakhala choncho. Koma palibe amene angandiuze, ndipo pepala limene likanatiuza ndinalipala ndine.

Ndimaganiza kawirikawiri za mphindi imene ndinaima ndi mpeni m'manja. Sikunali kusadziwa. Ndikanangodikira tsiku la sikelo n'kufunsa, kapena kuitana mphunzitsi wa pafupi apa kuti andiwerengere. Ine amene ndimatha kudikira chinangwa masiku anayi, kudikira poto kuti ayere, sindinathe kudikira masiku awiri kuti ndifunse funso limodzi, chifukwa ndinkaopa yankho lake.

Mwezi wathawu mwanayo anasuzumira pa minga paja n'kundifunsa kuti mgolo uja anauvulaza ndani. Ndinati ndine. Anafunsa chifukwa chake, ndinati unali ndi zoipa mkati. "Bwanji osautsuka?" anatero. Ndinamuuza kuti apite akasewere.

Panopa sangamve. Koma mayi wa ku Ntcheu uja ananena kuti zinthu zimenezi zimatha kukhala m'thupi mpaka munthu kukula, ndipo mkazi amatha kupatsirako mwana wake. Ndiye ndinatsimikiza mtima kuti akadzakula, asanafike poyembekezera wakewake, ndidzamukhazika pansi n'kumuuza zonse, za mazira, za nthochi, ndi za nsomba yogona chagada, kuti akadzapita kuchipatala adzakhale ndi chonena. Mwina nthawi imeneyo poyezera padzakhala palipo. Akadzandifunsa ngati ndinkadziwa, ndidzamuuza kuti chithunzi ndinachiona.